Mwana wa Aphunzitsi Amene Sankadziwa Kuwerenga

Nkhani imene ndikufuna tikambiraneyi idayamba ndi kuseka. Lidali Lamulungu la ana, ndipo ana a Sande sukulu adandanda kutsogolo, aliyense atagwira kapepala kolembedwa vesi loti awerengere mpingo. Mkulu wa mpingo amene ankagawa timapepalato adatisokoneza osadziwa, kotero kuti mnyamata wina wa zaka 9 adalandira ka mnzake. Itafika nthawi yake adayang'ana pa pepala molimba mtima, nanena mosadodoma vesi limene adaloweza kunyumba, pamene pa pepalapo padali mawu ena. Mtsikana amene adaima pambali pake adasuzumira, nafuula kuti limenelo silo. Mpingo udaseka, inenso ndidaseka. Munthu mmodzi yekha ndiye sadaseke, mayi ake a mwanayo, amene adalemba timapepala tonseto ndi dzanja lawo usiku wa Loweruka.

Mayiwa ndi aphunzitsi a kalasi yoyamba pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Chifunde, ndipo aphunzitsa kwa zaka zoposa 10. Si aphunzitsi wamba. Chaka chikamayamba makolo amapita kwa akulu a sukulu kukapempha kuti mwana wawo alembedwe m'kalasi mwa mayi amenewa, chifukwa n'zodziwika m'midzi yonse yozungulira kuti mwana akalowa m'manja mwawo, pofika nyengo yokolola amakhala atayamba kulumikiza zilembo. Aphunzitsi anzawo akakumana ndi mwana wovuta kumva amamutumiza kwa iwo. Koma mwana wawo weniweni, wobala okha, adafika kalasi yachitatu asakudziwa kuwerenga, ndipo iwo adazidziwira pamaso pa mpingo wonse. Adandilola kulemba za iwo, malinga ndisatchule dzina lawo kapena la sukulu. Ndalemba chifukwa m'mipingo yathu, kuno ku Tete ngakhalenso ku Malawi ndi ku Zambia, muli aphunzitsi ambiri amene akusenza katundu wotereyu mwakachetechete, komanso chifukwa pa katundu wa mayiwa padali mtolo wina umene ndidawasenzetsa ndine.

Ntchito imene ilibe mpando wake

M'mayiko olemera sukulu zambiri zimakhala ndi mphunzitsi wapadera amene ntchito yake ndi kuthandiza ana olephera kuwerenga basi. Amatenga ana atatu kapena asanu, nakhala nawo m'kachipinda kawokha mpaka mfundo itamasuka. Kwathu kuno ntchitoyo ilipo koma mpando wake palibe. Imangogwera mphunzitsi wa makalasi oyambirira amene ali ndi mtima wake, ndipo imabwera pamwamba pa ntchito ina yonse.

Kwa owerenga amene sadafikeko, Chifunde lili kumpoto kwa chigawo cha Tete. Limachita malire ndi Zambia kumpoto, kumene kuli chipata cha Cassacatiza, komanso ndi Malawi chakum'mawa, ndipo maboma oyandikana nalo ndi Macanga, Chiuta ndi Marávia. Kukula kwake kumaposa boma la Lilongwe, koma kalembera wa 2007 adapeza anthu ongopitirira pang'ono 100,000. Midzi ndi yotalikirana, ndipo sukulu zili apo ndi apo m'madera a Chifunde, Mualadzi ndi N'sadzu. Nkhondo imene idatha pa 4 Okutobala 1992 idasiya sukulu zambiri zili bwinja, anthu atathawira ku Malawi ndi ku Ukwimi m'dziko la Zambia. Anthu atabwerera sukulu zidadzukanso, ndipo kuyambira 2005, boma litachotsa ndalama zolembetsera ku pulayimale, ana adakhamukira m'makalasi mwaunyinji kuposa aphunzitsi amene adalipo. Lamulo la maphunziro la 2018 lidakonza kuti pulayimale ikhale ya makalasi 6, ndipo makalasi atatu oyambirira ndiwo nthawi yoti mwana agwire kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Akadutsa pamenepo asadagwire, kutsogoloko palibenso mphunzitsi amene ali ndi nthawi yobwerera naye ku a, e, i, o, u. M'mera mpoyamba, adatero akale, ndipo mbeu imeneyi ikaphonya mvula yoyamba kawirikawiri siphukanso.

Chovuta chachikulu ndi chinenero. Mwana wa ku Mualadzi amafika kusukulu akudziwa Chichewa chokha, koma chinenero cha boma ndi Chipwitikizi. Kalembera wa 2017 adasonyeza kuti anthu pafupifupi 17 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndiwo adayamwira Chipwitikizi, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Tsono mwana wathu amafunika kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuphunzira kuti chilembo chili ndi liwu, ndi kuphunzira chinenero chimene liwulo likunena. Chichewa n'chachifundo kwa woyamba kumene. Zilembo zake za liwu n'zisanu, ndipo chilichonse chimamveka chimodzimodzi paliponse pamene chaima. Mwana akagwira ma, me, mi, mo, mu, tsiku lomwelo akhoza kuwerenga mawu akuti mame, ndipo amawadziwa mamewo chifukwa adawaponda pobwera kusukulu. Chipwitikizi sichitero. Chilembo cha c chimamveka mwina mu casa, chimamvekanso mwina mu cebola. Chilembo cha h mu hoje sichimveka konse, koma chikatsata n, monga mu galinha, chimatulutsa liwu limene ife timalemba ny. Pali mawu otulukira m'mphuno monga pão ndi mão. Ndipo pali l ndi r, zimene kwa ife ndi pachibale ndipo sizisintha tanthauzo, pamene kwa Apwitikizi mar ndi nyanja koma mal ndi choipa.

Akuluakulu a maphunziro adaliona kale vutoli. Kuyambira 1993 mpaka 1997 padali kuyesera kotchedwa PEBIMO, kumene ana ena ankayamba sukulu m'chinenero chawo, ndipo zinenero zimene zidasankhidwa zidali ziwiri: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja chathu chomwechi kuno ku Tete. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri adayamba m'sukulu zosankhidwa, m'zinenero 16. M'makalasi otere mwana amayamba kuwerenga m'chinenero cha kwawo uku akumva ndi kulankhula Chipwitikizi, kenaka Chipwitikizicho chimatenga malo pang'onopang'ono. Koma njirayi sidafike pa sukulu iliyonse, ndipo mabuku a m'zinenero zathu akhala akusowa kawirikawiri. Pa sukulu ya mayi athuwa amaphunzitsa m'Chipwitikizi, ndipo Chichewa chimaloledwa ngati chothandizira pofotokoza. Ndinene mongodutsa kuti ngakhale kalembedwe ka Chichewa chomwecho kali pawiri: mabuku a ku Mozambique ndi ku Zambia amalemba cimanga, pamene mabuku a nyimbo ndi Mabaibulo ochokera ku Malawi amene tili nawo m'mipingo amalemba chimanga, ndipo m'Chipwitikizi ch yemweyo amamveka ngati sh, monga mu chuva. Ife akulu sitiona kanthu pamenepa. Kwa mwana wa zaka 7 ndi mtsinje wina woti awoloke.

Zotsatira zake boma lenilenilo lidaziyesa. Mayeso a dziko lonse a 2013 adapeza kuti mwa ana 100 alionse a kalasi yachitatu, pafupifupi 6 okha ndiwo adafika pa mlingo woyenera wa kuwerenga ndi kulemba. Mu 2016 chiwerengerocho chidatsika kufika pafupifupi 5. Mukaona ziwerengero zimenezi mudzamvetsa chifukwa chake makolo amalimbirana mphunzitsi mmodzi amene ana ake amawerenga, ndi chifukwa chake mphunzitsiyo sapeza mpata wopuma.

Kumene nthawi imapita

Mayiwa adandiwerengera masamu ophweka. M'kalasi mwawo mudali ana oposa 70, ndipo phunziro limodzi limatenga mphindi 45. Ngati mwana aliyense atawerenga mphindi imodzi yokha, belu likhoza kulira ana 25 asadatsegule pakamwa. Koma kuwerenga sikuphunzitsika ndi kuimba pamodzi. Ana 70 akhoza kuyankha mokweza, ba, be, bi, bo, bu, mpaka denga kugwedezeka, pamene 50 mwa iwo akungotsata pakamwa pa anzawo. Kuti mphunzitsi adziwe amene wagwira ndi amene sadagwire, ayenera kukhala pambali pa mwana mmodzimmodzi, chala chili pa chilembo. Nthawi ya zimenezi pa ndandanda ya sukulu palibe. Mayiwa ankaitenga kunyumba kwawo.

Ankadzuka tambala woyamba, kupita ku mjigo, kutereka phala, kusambitsa wamng'ono, n'kuyamba ulendo wa kusukulu. Chifukwa cha kuchepa kwa aphunzitsi adapatsidwa makalasi awiri, ina m'mawa, ina masana. Kalasi yamasana ikaweruka ankatsala pansi pa mtengo wa mango ndi ana 10 kapena 12 otsalira m'mbuyo, akulemba pa mchenga ndi kusanja zitsekero za mabotolo zimene adalembapo zilembo. Ankafika kunyumba dzuwa litapendeka kale, ndiwo zisadapezeke, moto usadakolezedwe. Ana akadya n'kugona, iwo ankayatsa tochi ya sola kuti achonge makope, kukonzekera za mawa, ndi kudula makatoni kuti apange makadi a zilembo, poti buku limodzi silingakwanire maso onse aja. Loweruka lina lililonse lachiwiri aphunzitsi a sukulu zoyandikana, zimene zili pansi pa ZIP imodzi, amakumana kuti akonzere limodzi maphunziro, ndipo kumeneko iwo ndiwo ankapemphedwa kusonyeza anzawo kaphunzitsidwe ka kuwerenga. Lamulungu lidali lathu, ndipo za limenelo ndinena posachedwa.

Onjezanipo kalendala. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Febuluwale, mwezi umene udzu uli pa mpikisano ndi chimanga, nkhokwe zili pansi, malungo ali m'nyumba iliyonse, ndipo mitsinje monga Luia ndi Capoche ndi timitsinje tothiramo tadzaza. Masabata oyamba, amene mwana wa kalasi yoyamba amafunika mphunzitsi wake kuposa nthawi ina iliyonse, ndiwonso amene munda wa mphunzitsiyo ukumufuna. Fodya akayamba kuthyoledwa ndi kusokedwa ana ambiri amajomba, ndipo akabwerera mphunzitsi amayambiranso nawo pamene adasiyira.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti aphunzitsi onse ali ngati mayiwa. Kafukufuku wa World Bank wa 2014 adapeza kuti ofufuza akafika pa sukulu mosadziwitsa, aphunzitsi 45 mwa 100 alionse sankapezeka, ndipo mu 2018 chiwerengerocho chidatsika kufika pafupifupi 28. Ena mwa ojombawo ndi aulesi, ena ndi a mowa, ndipo sitiyenera kuwaikira kumbuyo. Koma ena adali kuchipatala ndi mwana, ena ku maliro kwawo kutali, ena pa ulendo wokatenga malipiro. Mu 2023 ndi 2024 aphunzitsi m'madera ambiri a dziko lino adadandaula poyera, ena mpaka kunyanyala, chifukwa cha ndalama za maola owonjezera zimene zidakhala nthawi yaitali zisadalipidwe. Chimene ndaona ine n'chakuti nyumba ndi sukulu zikamakokana, mbali imodzi imaluza basi. Kwa aphunzitsi ambiri imaluza ndi sukulu, ndipo zimaoneka, anthu amalankhula. Kwa mayi athuwa idaluza ndi nyumba, ndipo palibe amene adaona, chifukwa tonse tinkangowayamikira.

Mkazi wopanda mbumba pafupi

Pa mwambo wathu wa Chichewa mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake, ndipo mwamuna ndiye amabwera kudzakhala mkamwini. Mwambowu uli ndi zovuta zake, koma uli ndi nzeru imodzi imene tidaiiwala. Mkazi wokhala pakati pa mbumba yake salera yekha. Akapita kumunda agogo alipo, ang'ono ake alipo, amayi aakulu alipo, ndipo mwana akalakwa amalume ali pafupi. Mphunzitsi amatumizidwa kumene boma laona kuti kukusowa munthu. Mayiwa kwawo ndi ku Angónia, ndipo adabwera kuno ndi sutikesi ndi kalata. Lamulo la ogwira ntchito m'boma, kuyambira 2017, limapatsa mayi masiku 90 a tchuthi akabereka, ndipo n'zoyamikika. Koma tsiku la 91 khandalo limakhala lidakali loyamwa, ndipo agogo ake ali kutsidya kwa mapiri. Amatenga kamtsikana ka m'mudzi kuti kazilera mwana, ndipo pamenepa pali chinthu chowawa, chifukwa kamtsikanako nakonso kamayenera kukhala m'kalasi. Ena, makamaka ochokera kumwera kwa Zambezi amene amalankhula Chinyungwe, amasiya mabanja awo ku Tete kapena ku Moatize, n'kumaonana nawo pa tchuthi chokha. Mabanja angati asweka mwa njira imeneyi, amene timaweruza milandu ya maukwati tikudziwa.

Abale akwawo sathandiza kulera, koma tsiku la malipiro amalidziwa. M'banja lonse wolandira pa mwezi amakhala mmodzi yekhayo, tsono feteleza wa amalume, fizi ya mwana wa achemwali, bokosi la maliro, zonse zimaloza kwa iye. Ambiri amakatenga ngongole zimene zimadulidwa ku malipiro ndalama isadafike m'manja. N'chifukwa chake kalasi yachiwiri ija, ngakhale imadya masana onse, n'kovuta kuikana.

Bambo a m'nyumbamo ndi mlimi wa fodya, munthu wofatsa, wosamwa. Adaphunzira kuwerenga Chichewa ali mwana ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, ndipo amawerenga bwino kuposa akulu a mpingo ena. Koma m'maganizo mwawo za mabuku zidali za mayi, poti ndiwo aphunzitsi, monga momwe za chigafa zidali zawo. Nthawi ina adayamba kuthandiza kutunga madzi pa njinga, koma anzawo pa bawo adayamba kunena kuti adadyetsedwa khuzumule, ndipo adaleka. Ndimadabwa nawo amuna anzanga pa nkhani imeneyi. Ndalama ya mkazi ikagula malata palibe amene amati n'zochititsa manyazi, koma chigubu cha madzi pa njinga ndiye chimatsitsa ulemu.

Mtolo umene tidawonjezera ife

Lachiwiri lotsatira ndidapita kukawachezera, ndipo m'mutu mwanga ndidali nditakonza mawu olimbikitsa. Ndisadayambe, mayiwo adandiwerengera maudindo awo mumpingo, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akuwerenga mbale zake. Adali mlembi wa Chigwirizano cha amayi. Adali mphunzitsi wa Sande sukulu. Ndiwo ankalemba malipoti a zopereka m'Chipwitikizi akafunika ku maofesi. Munthu akalandira kalata ya kuchipatala kapena pepala la mgwirizano wa fodya, ankabwera nalo pakhomo pawo, nthawi zambiri pa nthawi ya nsima. Ndipo chaka chimenecho ndidali nditawapempha kuti ayambe kuphunzitsa amayi achikulire kuwerenga Lachinayi lililonse. Maudindo onsewa, kupatula limodzi, ndidawapatsa ndine, ndipo nthawi iliyonse ndinkanena kuti palibe wina amene angathe. Iwo sadakanepo, chifukwa kwathu kuno munthu sakana abusa pamaso.

Kenaka adandiuza chinthu chimene sindidzaiwala. Adati vuto si nthawi yokha. Kuphunzitsa mwana kuwerenga kumafuna kudekha, kubwereza chinthu chimodzi kakhumi osakweza mawu, ndipo kudekhako kuli ngati madzi a mumtsuko, amene amatha. Pofika madzulo mtsukowo umakhala utauma, mawu atasasa. Mwana wa eni akalakwitsa chilembo kakhumi ankamumwetulira. Wawo akabwera ndi buku n'kulakwitsa kawiri, ankamukalipira, n'kumufunsa ngati sakuchita manyazi kukhala mwana wa aphunzitsi. Mnyamatayo adaphunzira msanga kuti kubwera ndi buku n'kuputa mkwiyo, ndipo adapeza njira yake. Ali ndi mutu wogwira zinthu. Ankamvetsera mnzake akamawerenga, n'kuloweza tsamba lonse, ndipo mayi ake akafunsa ankalinena bwinobwino chala chikuyenda pa mizere. Mayiwo, ali ndi makope 70 pamwendo, ankagwedeza mutu n'kupitiriza kuchonga. Chinyengo chimene akadachigwira pa mphindi imodzi mwa mwana wa munthu wina chidawapita pansi kwa zaka ziwiri m'nyumba mwawo.

Sadamuike m'kalasi mwawo pamene ankayamba sukulu, poopa kuti anthu anganene kuti akukondera. Kalasi imene adalowa idasintha aphunzitsi kangapo chaka chimenecho. Ndipo aphunzitsi anzawo, poona kuti ndi mwana wa katswiri, palibe amene adaganiza zomuyesa, kapena amene adaona adachita mantha kunena.

Mawu amene ndidakonza aja ndidabwerera nawo. Akale adati mapanga awiri avumbwitsa, koma mwambiwu timaunenera munthu wadyera amene akufuna zonse. Mayiwa sadasankhe mapanga awiri. Ena tidachita kuwakankhiramo, uku tikuwaimbira m'manja.

Zimene zidasintha, ndi mtengo wake

Bwalo la akulu a mpingo lidagwirizana kuwamasula pa ulembi wa Chigwirizano ndi pa Sande sukulu kwa chaka chimodzi, ndipo sukulu ya Lachinayi idaimitsidwa. Sizidapite mosalala. Amayi ena adati aphunzitsi ayamba kunyada. Mlembi watsopano amalemba pang'onopang'ono, ndipo miyezi yoyamba mabuku a msonkhano adali osokonekera kotero kuti ndalama za thumba la odwala zidachita kuwerengedwanso kawiri. Koma tidatulukira kuti mumpingo mudali atsikana atatu amene adafika sekondale, amene palibe adawapemphapo kanthu chifukwa maso athu onse adali pa munthu mmodzi. Amayi achikulire aja ndiwo adaluza kwenikweni, poti mpaka lero sitidapeze wowaphunzitsa, ndipo mmodzi mwa iwo amandifunsa nthawi zonse tikakumana.

Gulu la pansi pa mango lidachepetsedwa kukhala la masiku awiri pa sabata. Bambo wina adabwera kwa ine kudzadandaula kuti mwana wake wabwerera m'mbuyo, ndipo sankanama. Ndidamufunsa ngati iye amadziwa kuwerenga. Adati amadziwa Chichewa chokha, cha ku Ukwimi. Ndidamuuza kuti chimenecho n'chokwanira kuyambira, chifukwa mwana amene wagwira kuti zilembo zimalumikizana n'kupanga mawu safunika kuphunziranso nzeru imeneyo kachiwiri akafika pa Chipwitikizi. Amangophunzira malamulo atsopano a zilembozo. Adachoka osakhutira. Iye ankaona kuti kuphunzitsa ndi ntchito ya amene amalandira malipiro ake, ndipo sindinganene kuti adalakwa kotheratu. Makolo sangalowe m'malo mwa boma, limene liyenera kulemba aphunzitsi okwanira ndi kuwalipira pa nthawi yake.

Kalasi yamasana mayiwo sadaisiye. Ngongole idalipo, ndipo mphunzitsi wina woti aitenge padalibe.

Za mnyamata uja, mayi ake adaganiza okha kuti asamuphunzitse, poona kuti pakati pa iwo ndi mwanayo buku lidasanduka chinthu choopsa. Ntchitoyo adaipereka kwa bambo ake, atawasonyeza kachitidwe kake: kuyamba ndi zilembo za liwu, kusalola mwana kulota mawu, kuphimba chithunzi ndi dzanja, ndi kusintha tsamba tsiku lililonse kuti asaloweze. Bambowo adayamba monyinyirika. Ankakhala naye m'chigafa nthawi yosankha fodya, buku la nyimbo lili pa bondo, ndipo poti nyimbo zambiri mwanayo ankazidziwa pamtima, ankamuwerengetsa kuyambira kumapeto kwa mzere kubwerera kumayambiriro. Adavutika kwambiri ndi mawu a zilembo zounjikana, monga nkhwangwa, mphamba ndi ng'ombe. Patapita miyezi inayi adawerenga yekha chikwangwani cha pa chigayo, ndipo adathamanga kukauza bambo ake, osati mayi ake. Mayiwo adandiuza kuti zimenezi zidawapweteka, ngakhale adakondwera.

Chipwitikizi chikubwera, koma mochedwa. Amasokonezabe l ndi r polemba, ndipo ali m'mbuyo mwa anzake a m'kalasi amene adagwira msanga. Madzulo ena amakhala pafupi ndi mayi ake akamachonga makope, ndipo iwo amamupatsa kope limodzi kuti awathandize kupeza cholakwa. Bambo aja adayambiranso kutunga madzi, koma amapita m'bandakucha anthu a pa bawo asadadzuke.

Mwana wawo wamkazi ayamba kalasi yoyamba mu Febuluwale akubwerayu, ndipo ulendo uno mayiwo apempha akulu a sukulu kuti alembedwe m'kalasi mwawo, anthu anene zimene anganene. Chaka chimene tidawapatsa chija chatha. Amayi a Chigwirizano atumiza kale nthumwi ziwiri kwa ine kudzapempha kuti mlembi wawo wakale abwerere, ndipo akuti msonkhano waukulu ukubwera, sangapite ndi mabuku osalongosoka. Ndawauza kuti ine sindikawapempha. Nkhaniyi ili pa mndandanda wa bwalo la akulu a mpingo mwezi wamawa, ndipo eni akewo sadayankhebe.